Sipika za m'zitseko zayamba kusasa: kodi mungazisinthe nokha?

Galimoto zambiri zoyenda pakati pa Kamuzu Road ndi Senga Bay, ma Sienta, ma Passo, ma Vitz ndi ma Probox, zinabwera kuchokera ku Japan zitatumikira kale eni ake oyamba zaka zingapo. Zitafika kuno kwa Maganga timazithira oyilo, timazigulira matayala, timazitsuka mpaka kuwala, koma sipika zobisala m'zitseko palibe amazikumbuka. Timadzazikumbuka tsiku limene woimba wayamba kumveka ngati munthu wachimfine, besi ikungoti phwerr. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera tsiku limenelo.

Ndingadziwe bwanji kuti chafa ndi sipika, osati wailesi?

Musanamasule kalikonse, gwiritsani ntchito wailesi yomweyo. Pafupifupi wailesi iliyonse ya galimoto ili ndi posinthira mawu kuti apite kumanzere kapena kumanja, kutsogolo kapena kumbuyo. Kankhirani mawu onse ku chitseko chimodzi, mumvetsere, kenako mupite ku china. Ngati zitseko zitatu zikuimba bwino ndipo chimodzi chokha chikusasa, kawirikawiri wailesi ilibe mlandu. Ngati zonse zinayi zikusasa mofanana, yambani mwakayikira wailesi, kapenanso nyimbo zimene munakopera pa fulashi, chifukwa nyimbo yojambulidwa moipa palibe sipika ingaikonze. Pali zinthu zina ziwiri zonamiza. Choyamba ndi kava ya chitseko imene yakhwepa: ikanikizeni ndi dzanja nyimbo ikulira, phokoso likaleka ndiye kuti sipika ili bwino, chikunjenjemera ndi pulasitiki. Chachiwiri ndi waya. Mawaya a sipika amadutsa m'kapaipi ka labala kolumikiza chitseko ndi thupi la galimoto, ndipo amapindika nthawi iliyonse chitseko chikatsekulidwa. Sienta ya hayala imatsekulidwa kangati patsiku? Mawu akamaduka mukatsekula chitseko n'kubwereranso mukatseka, waya wathothoka m'kapaipi kameneko, ndipo sipika yatsopano sichiza nthendayo.

N'chifukwa chiyani sipika zimafa msanga kuno kunyanja?

Chifukwa m'kati mwa chitseko si mouma monga mmene ambiri timaganizira. Mvula ikagwa, kapena galimoto ikamatsukidwa ndi ndowa, madzi amatsetsereka pa galasi n'kulowa m'chitseko. Opanga galimoto amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake anasiya timabowo pansi pa chitseko kuti madziwo azituluka. Kwathu kuno timabowoto timatsekeka ndi mchenga ndi fumbi la mwera, madzi n'kukhazikika. Ndiye onjezanipo dzuwa la Okutobala ku Salima, galimoto itaima pamtetete magalasi ali otseka. M'chitseko mumakhala ngati mumphika wovundikira.

Sipika zambiri zobwera ndi galimoto zing'onozing'onozi ndi za chipepala, ndipo zina mkombero wake, umene umalola chipepalacho kuvina, ndi wa siponji. Chipepala chimamwa chinyezi n'kufewa, siponji imafumbutuka ndi kutentha mpaka kumanyenyeka mukaikhudza ndi chala. Mkombero ukang'ambika, koyilo ya m'kati imayamba kukhuza maginito, ndipo ndiko kusasa mukumvako. Choncho pogula zatsopano funsani kaye za chimene anapangira, mawatsi abwere pambuyo. Mukufuna sipika ya pulasitiki yolimba, yokhala ndi mkombero wa labala. Ndipo pamene chitseko chili chotsekula, tengani kawaya mutokose timabowo tija. Ntchito ya mphindi ziwiri imeneyi imatetezanso chitseko ku dzimbiri.

Kodi ntchitoyi ndingaigwiredi ndekha?

Ngati munamasulapo wailesi ya m'nyumba kapena pulagi ya njinga yamoto n'kubwezeretsa osatsala kabawuti m'manja, mukhoza. Zida zake n'zochepa: sikuludiraiva ya nyenyezi ndi yaphwatalala, pulayala, chobowolera, choyezera, ndi mbale yoikamo timabawuti. Mbaleyo musaipeputse. Kabawuti kakagwera mumchenga wa kuno, tsanzikanani nako.

Imikani galimoto pamthunzi, koma dikirani kuti kunja kufunde pang'ono, chifukwa pulasitiki yakale ikazizira sichedwa kuthyoka. Timabawuti togwira kava timabisala malo awiri kapena atatu: kuseri kwa chotsekulira chitseko, m'kabowo kogwira potseka, ndipo nthawi zina m'mphepete. Mukachotsa timeneti, tukulani kabokosi ka mabatani a magalasi n'kusolola pulagi yake. Kava yonse imagwiridwa ndi timakilipu ta pulasitiki kuzungulira m'mbali ndi pansi. Kulungani nsonga ya sikuludiraiva ndi kansalu, ilowetseni pansi pafupi ndi kilipu, mukanule pang'onopang'ono mpaka imveke kuti thu, kenako mupite pa inzake. Zonse zikamasuka, kavayo imakwezedwa m'mwamba, siikokedwa. Kuseri kwake mupeza tizingwe ta loko ndi chotsekulira. Jambulani ndi foni musanatikolowole, chifukwa pobwezeretsa mudzakhala mutaiwala kuti kapamwamba ndi kati.

Mupezanso pepala la pulasitiki lomatidwa ndi phula lakuda lomata. Anthu ambiri amaling'amba n'kulitaya poganiza kuti ndi chokutira cha ku fakitale. Limenelo ndi limene limaletsa madzi a m'chitseko kufika pa kava ndi pa mabatani a magalasi. Limatuleni pokhapo pofunika, ndipo mulibwezeretse.

Ndichotse batire ndisanayambe?

Mwachizolowezi inde: munthu akamagwira mawaya a galimoto amayamba wachotsa mutu wa negetivu. Koma pa galimoto za ku Japan pali msampha. Mawailesi ambiri a sikirini olemba Chijapanizi, akangosowa magetsi, podzuka amafuna khadi ya mapu imene inkakhala m'kati mwake kapena nambala yachinsinsi. Khadiyo nthawi zambiri inatsala ku Japan kapena inasowa panjira. Wailesi imene imaimba dzulo imangoonetsa zilembo zosawerengeka, ndipo mumayamba kusaka munthu woitsekula. Ine zinandionekerapo: ndinasintha sipika bwinobwino, koma ndinayenda milungu iwiri m'galimoto ya zii. Choncho yang'anani kaye ngati khadi ilimo. Ngati mulibe ndipo mukungosintha sipika basi, zimitsani wailesi, chotsani kiyi m'galimoto muiike m'thumba, ndipo musalole mawaya a sipika kukhudzana kapena kukhudza chitsulo. Kiyi ikachoka mawayawa sakhala ndi moto. Koma mukaona pulagi kapena mawaya okutidwa zachikasu, amenewo ndi a matumba a mpweya otetezera pangozi, ndipo musawakhudze n'komwe.

Ndigule za saizi yanji?

Masulani yakale kaye, muiyeze, kenako mukagule. Ulendo wa ku Malangalanga ku Lilongwe ndi wa makilomita oposa 100 kuchokera kuno, si wopita kawiri chifukwa cha sipika yosalowa. Zitseko zakutsogolo za ma Toyota ambiri zimalandira sipika ya masentimita 16, imene pa bokosi amalemba kuti mainchesi 6.5, koma ma Probox ambiri akale sipika zawo zili pa dashibodi ndipo ndi zazing'ono, za masentimita 10. Kukula kwa pakamwa si kumene kumavutitsa kwambiri. Chimene chimagwetsa anthu ndi kuya. Galasi likamatsika limadutsa kuseri kwa sipika, ndipo sipika yatsopano ya maginito aakulu ikhoza kutsekereza njira yake. Bwezerani kaye pulagi ya mabatani ndi kiyi kwa kamphindi, mutsitse galasi mpaka pansi, muyeze kuchokera pa bowo kufika pa galasilo, ndipo musiye mpata wa chala chimodzi.

Chinanso: sipika za Toyota zambiri sizimangidwa ndi mabawuti, zimakhomedwa ndi ma rivet atatu, ndipo zinaumbidwira pamodzi ndi chimango chake cha pulasitiki. Ma rivet amachoka powabowola pamutu. Kwezani galasi m'mwamba musanabowole, ndipo tolani zidutswa zogwera m'chitseko, apo ayi zizikusokosani pa hampu iliyonse. Sipika yatsopano siikhala pa mabowo atatu aja payokha, imafuna mphete yoikhazikapo. Mphete za pulasitiki zimagulitsidwa, ndipo ndi zimene zimayenera kunyanja. Zikasowa, mmisiri wa matabwa akhoza kukuchekerani ya pulayiwudi, koma muipake penti kapena vanishi mbali zonse. Thabwa lija la utuchi wopanikiza, limene amapangira makabati otchipa, musaliyese. Likalawa madzi limafufuma ngati chigumu. Njira ina yosalira ndalama ndi kudula chipepala ndi maginito a sipika yakale, n'kusiya chimango chake kuti chikhale mphete.

Pa bokosi alemba mawatsi 600. Si ndiye kuti ilira kwambiri kuposa ya 250?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Sipika siipanga mphamvu, imangolandira. Nambala ya pa bokosi imanena mphamvu imene sipikayo ingapirire isanapse, ndipo nambala yaikulu yolembedwa mofiira ija ndi ya kamphindi chabe, ngati katundu amene munthu angamunyamule n'kumutula pomwepo. Nambala yoona ndi yaing'ono yolembedwa RMS, imene sipika ingasenze ulendo wonse. Sipika ya "600" mwina RMS yake ndi 40 kapena 50.

Tsono funso ndi lakuti, wailesi yanu imatulutsa zingati? Ngakhale imene inalembedwa kuti 50W x 4, mphamvu yake yeniyeni pa sipika iliyonse ili cha pakati pa 15 ndi 20. Sikuti opanga ndi akuba okha ayi, malire ake ndi magetsi a galimoto, amene injini ikamalira amangofika mavoti pafupifupi 14. Ndiye kuika sipika yopirira mawatsi ambiri pa wailesi yotereyi kuli ngati kugula bwato lalikulu la matabwa uli ndi nkhafi imodzi. Nthawi zina imalira motsika kuposa yakale ija, chifukwa ndi yolemera kuigwedeza.

Nambala yofunika kuiyang'ana ndi ina imene ogulitsa satchula, yolembedwa ndi dB. Imeneyi imasonyeza kukwera kwa mawu amene sipika imatulutsa ikapatsidwa mphamvu yochepa. Ngati mulibe ampulifaya, sakani ya 90 dB kapena kuposerapo. Kusiyana kwa 3 dB kumaoneka kochepa papepala, koma sipika ya 87 imafuna mphamvu yowirikiza kawiri kuti ifanane ndi ya 90.

Nanga ndingazindikire bwanji yachinyengo?

Mayina ngati Pioneer, Sony, JVC ndi Kenwood amakopedwa kwambiri, ndipo bokosi lachinyengo nthawi zina limawala kuposa lenileni. Itulutseni m'bokosi muinyamule. Ena amaveka maginito aang'ono chipewa chachikulu cha pulasitiki, koma kulemera sikunama. Kanikizani chipepala mofatsa ndi zala zitatu mozungulira pakati: chiyende mosalala, osakhuza. Onani guluu ngati wamatidwa mwaukhondo, ndiponso ngati RMS yalembedwa penapake. Bokosi lofuula zikwi za mawatsi koma lopanda RMS lanena kale zonse. Sipika ya dzina losatchuka koma yonena zoona imaposa ya dzina lobedwa.

Mawaya ndi awiri. Uti upite pati, ndipo zili ndi kanthu?

Zili ndi kanthu ndithu, ngakhale kuti mukatembenuza palibe chimapsa ndipo nyimbo imamvekabe. Sipika imapanga mawu pokankha mpweya. Ngati ya kumanzere ikukankha pamene ya kumanja ikukoka, besi ya ziwirizo imadyana, ngati anthu awiri opalasa bwato limodzi wina cha kumtunda wina cha kunyanja. Pa sipika yatsopano sipavuta: kamwendo kakakulu ndi pozitivu, kakang'ono ndi negetivu. Mawaya a m'chitseko ndi amene amasokoneza, chifukwa kampani iliyonse ili ndi mitundu yake. Funsani sipika yakale ija. Tengani batire la tochi la mavoti 1.5, mukhudzitse kamphindi pa miyendo yake. Chipepala chikatumphira kunja, mwendo umene wakhudza mutu wa batire ndi pozitivu, ndipo waya amene analowa pamenepo ndi pozitivu wa galimoto. Musachite zimenezi pa kasipika kakang'ono ka mawu opyapyala, sikachedwa kupsa. Mukamaliza zonse, yesani ndi khutu: ngati besi ikumveka yamphamvu mawu ali mbali imodzi, n'kuchepa mukawabweza pakati, mbali ina yatembenuka.

Ngati munaika wailesi yogula padera, mitundu ya mawaya ake imakhala yofanana pafupifupi kulikonse: oyera ndi a kutsogolo kumanzere, otuwa kutsogolo kumanja, obiriwira kumbuyo kumanzere, apepo kumbuyo kumanja, ndipo wa mzere wakuda ndi negetivu. Negetivu wa sipika asamangidwe ku chitsulo cha galimoto monga mmene timachitira ndi nyali. Mawailesi a masiku ano amatulutsa mphamvu pa mawaya onse awiri, ndipo kugwetsera mmodzi ku chitsulo kumaotcha wailesi.

Polumikiza, chizolowezi chopota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi yakuda chisiyeni. Guluu wa tepi amasungunuka ndi kutentha kwa m'chitseko, tepi n'kuvuka, mkuwa n'kuchita dzimbiri lobiriwira. Matani ndi mtovu, kapena panani ndi timapini take. Wokonza mawailesi kapena mafoni pa Kamuzu Road akhoza kukumatirani tizingwe pa sipika muli chiimire.

Ndili ndi sipika ya wailesi ya m'nyumba. Singalowe? Nanga kuika ziwiri pa waya mmodzi?

Wailesi ya galimoto inapangidwira sipika za ma ohm 4. Sipika zambiri za m'nyumba ndi za 6 kapena 8. Sizingaononge wailesi, koma zimalira motsika, ndipo sizinapangidwire chinyezi. Choopsa ndi chachiwiricho. Mukakolowekera sipika ziwiri za 4 pa mawaya amodzimodzi, pozitivu ku pozitivu, negetivu ku negetivu, wailesi imaona ma ohm 2, imakoka moto wochuluka, imatentha, imayamba kuzima yokha, ndipo tsiku lina siidzukanso. Oyendetsa mahayala ofuna kuti a kumpando wakumbuyo azimvanso amachita zimenezi kawirikawiri. Samalaninso ndi galimoto zolembedwa JBL kapena Bose pa chitseko. Zimenezo zili ndi ampulifaya yakeyake ndipo sipika zake nthawi zambiri si za 4, choncho werengani kuseri kwa yakale musanagule.

Ndasintha, mawu akumveka bwino, koma besi yachepa kuposa kale. Ndabetsa?

Mwina ayi. Yambani mwaona ngati mawaya sanatembenuke. Akakhala bwino, onani mmene sipika yakhalira. Besi imafuna kuti mpweya wa kutsogolo kwa chipepala usakumane ndi wa kuseri. Kampata kalikonse pakati pa sipika, mphete ndi chitsulo kamathawitsa besi monga mmene ng'oma yobooka chikopa imalirira. Ikani kansalu ka siponji kapena ka labala kuzungulira, mumange timabawuti mosinthanitsa mbali mpaka zonse zigwire mofanana, osafinya mbali imodzi.

Chitseko nachonso ndi lata lopyapyala limene limanjenjemera n'kudya mawu. Gogodani ndi chala: chikalira ngati chidebe, chikufuna cholemetsa. Pali timapepala tomata topangidwira ntchitoyi, ta labala yolemera yokutidwa ndi chitsulo chopyapyala, ndipo zidutswa zitatu kapena zinayi kuseri kwa sipika zimakwanira, simufunika kumata chitseko chonse. Ena amagwiritsa ntchito tepi ya phula yomatira malata odontha poti imafanana maonekedwe. Kumalo ozizira mwina, koma ku Salima phula limafewa, limanunkha m'galimoto, ndipo likayenderera limakatseka timabowo ta madzi tija.

Komanso tinene zoona: sipika ya masentimita 16 ili ndi malire. Besi yogunda pachifuwa ngati ya ku Sand Music Festival siichokera m'chitseko, imafuna wufa ndi ampulifaya. Kukweza besi ndi voliyumu mpaka kumapeto pofuna kuikakamiza n'kumene kumapha sipika zambiri zatsopano. Wailesi ikafika pothera mphamvu imatulutsa mawu ophwanyika, ndipo amenewo amatenthetsa koyilo. Mukangomva kuti mawu ayamba kuthetheka, bwezani pang'ono.

Wailesi yanga imangogwira masiteshoni awiri kapena atatu. Sipika zatsopano zithandiza?

Sizithandiza, ndipo mlongoti nawonso ulibe vuto. Mawailesi opangidwira ku Japan amayambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz, atsopanoko amapitirirako pang'ono, pamene masiteshoni a kuno amaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108. Mukungogwira okhawo amene ali m'munsi mwa 90. Mankhwala ake ndi kachipangizo kolumikiza pa waya wa mlongoti kamene kamatsitsa masiteshoni kuti alowe m'malire a wailesiyo, ngakhale manambala a pa sikirini sagwirizananso ndi enieni, kapena kusintha wailesi yonse. Ngati ndalama zikukwanira chimodzi chokha ndipo sipika zakale sizinang'ambike, ine ndingayambe ndi wailesi.

Kodi sipika zatsopano zizitha batire? Ndipo ndi liti pamene ndiyenera kupita kwa wa zamagetsi?

Sipika za ma ohm 4 pa wailesi yomweyo sizikoka moto woposa zakale. Chimene chimatha batire ndi chimene timachita pa 15 Okutobala kapena pa Khirisimasi ku Senga Bay: zitseko zonse pululu, injini yozima, nyimbo kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, nyali ya m'kati ikuyakanso osaiona. Batire la Passo kapena Vitz ndi laling'ono, ndipo zambiri mwa galimoto zimenezi ndi za otomatiki, zosadzuka pokankha ngakhale mutasonkhanitsa anyamata onse a padoko. Muzilizako injini nthawi ndi nthawi, kapena muyende ndi mawaya obwerekera moto.

Ampulifaya ndi nkhani ina. Imafuna waya wonenepa wochokera ku batire, wodutsa pa chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu, ndipo waya ameneyu amakhala ndi moto usana ndi usiku, kiyi ilipo kapena palibe. Akapekeseka pa chitsulo popanda fyuzi, amafiira ngati nsimbi ya makala pansi pa kapeti. Fyuzi iyenera kukhala pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45, ndipo podutsa pa chitsulo payenera kukhala labala. Ngati simunagwirepo ntchito yotere, apa m'pofunika wa zamagetsi a galimoto. Mupitenso kwa iye ngati waya waduka m'kapaipi ka chitseko pamodzi ndi mawaya a magalasi ndi a loko, kapena ngati m'chitseko mwapezeka pulagi yachikasu ija. Mukamusiyira galimoto, muuzeni kuti akuonetseni pamene waika fyuzi ndi mmene wadutsitsira waya asanabwezeretse kapeti.